Akuti thupi langa silikumva insulini, kodi ndidwala shuga pa mimba ino?

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 34 ndipo ndine woyembekezera, masabata 11, mimba yachitatu. Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi makilogalamu 4.2, ndipo mayi anga amamwa mankhwala a shuga. Mantha atandigwira ndinakayezetsa magazi pachipatala china cholipira. Shuga wa m'mawa ndisanadye anali 4.8, insulini 14, HOMA-IR 3.0, HbA1c 5.2%, ma triglyceride 1.0. Amene anandipatsa zotsatira anati thupi langa silikumva insulini, ndiye shuga ndidwala basi. Mlamu wanga, yemwe ndi namwino, akuti mafuta ndi HbA1c zili bwinobwino, ndisadzivute n'kukamwa madzi a shuga aja mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi. Ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, zikomo polemba manambala onse, chifukwa ambiri amangoti "anandiyeza magazi" osakumbuka chimene chinayezedwa. Pepani kuti nditsutsana nawo onse awiri. Amene anakupatsani zotsatira uja wakuopsezani mopyola, ndipo alamu anu akulimbitsani mtima nthawi isanakwane. Pepala lanulo silikunena kuti muli ndi shuga. Silikukupatsaninso chilolezo cholumpha kuyezetsa kwa pa masabata 24 mpaka 28.

Ndiyambe ndi zimene zikuchitika m'thupimo. Mukadya nsima, imagayika n'kusanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shugayo sangolowa yekha m'minofu. Kapamba amatuma insulini kuti akaodire pakhomo. Ndikati kapamba ndikunena chiwalo chobisala kuseri kwa chifu, osati chija chimatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi, ngakhale pa Chichewa ziwirizi timazitchula dzina limodzi. Insulini akati "Odi!" eni nyumba n'kuyankha msanga, shuga amalowa, magazi n'kutsala ndi mlingo woyenera. Kwa anthu ena eni nyumba amachedwa kuyankha, ndiye kapamba amakweza mawu, kutanthauza kuti amatulutsa insulini wochuluka kuti ntchito yomweyo itheke. Izi ndi zimene madokotala amazitcha insulin resistance. Munthu akhoza kukhala choncho zaka ndi zaka shuga wake ali m'malo mwake, bola kapamba akadali ndi mawu. Matenda amayamba mawuwo akasasa.

Tsono mimba iliyonse, ngakhale ya mayi wathanzi ngati mwala, imagonthetsa minofu mwadala. Nsengwa ikamakula imatulutsa mahomoni monga human placental lactogen ndi placental growth hormone, pomwe progesterone ndi cortisol nawonso akukwera. Cholinga chake n'chakuti chakudya chizitsalira m'magazi a mayi kuti chifike kwa mwana. Patrick Catalano ndi anzake ku America anatsatira amayi kuyambira asanaime mpaka kumapeto kwa mimba, ndipo anaona kuti pofika miyezi itatu yomaliza mphamvu ya insulini imakhala itatsika ndi theka kapena kupitirirapo. Kapamba wabwino amabwezera potulutsa insulini wochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Amene walephera kutero, shuga amakwera. Choncho shuga wa pa mimba amadalira zinthu ziwiri: minofu inali yogontha motani mimba isanayambe, ndiponso kapamba ali ndi mawu otsala ochuluka bwanji. Magazi a pa masabata 11 amatiuza pang'ono za choyambacho. Za chachiwiricho sanena zambiri, chifukwa nsengwa ikadali yaing'ono ndipo kapamba sanasenzetsedwe katundu weniweni.

HOMA-IR si chinthu chimene makina amachipeza m'magazi, ndi masamu chabe. Anawakonza David Matthews, Robert Turner ndi anzawo ku Oxford mu 1985. Mumatenga insulini wa m'mawa musanadye, kuchulukitsa ndi shuga wa nthawi yomweyo, n'kugawa ndi 22.5. Kwa inu, 14 kuchulukitsa ndi 4.8 ndi 67.2, kugawa ndi 22.5 tikupeza pafupifupi 3.0. Masamuwo anawerengera bwino. Tanthauzo lake n'lakuti kapamba wanu akukweza mawu kuti shuga akhale pa 4.8. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti pagulu la amayi amene nambalayi ndi yokwera kumayambiriro kwa mimba, odwala shuga pambuyo pake amachuluka kusiyana ndi pagulu la amene ndi yotsika. Ndiye sindinganene kuti 3.0 ndi nambala yopanda kanthu.

Vuto lake n'lakuti nambala yothandiza pofotokoza gulu la amayi chikwi imafooka ikafika pa mayi mmodzi. Palibe malire amene onse anagwirizana: ena amadula pa 2.0, ena pa 2.5, ena kupitirira pamenepo. Makina oyezera insulini sawerenga mofanana, moti magazi omwewo mutawagawa m'malabu awiri mukhoza kubwera ndi mayankho osiyana. Insulini amatuluka m'kapamba modumphadumpha pakapita mphindi zingapo, n'chifukwa chake eni masamuwa ankatenga magazi katatu, motalikirana mphindi zisanu, n'kupeza nambala yapakati. Inu anakubayani kamodzi. Magazi akatengedwa movutikira maselo ofiira n'kusweka, insulini amaonongeka m'botolo momwemo ndipo nambala imatsika. Komanso mlingo wa m'mawa umafotokoza kwambiri za chiwindi usiku, pomwe shuga wa pa mimba kwa amayi ambiri amaonekera akadya. Pa zifukwa zimenezi palibe bungwe lalikulu la zaumoyo, kaya WHO kapena mabungwe a matenda a shuga a ku America ndi ku Britain, limene limati shuga wa pa mimba apezedwe ndi HOMA-IR.

Pali china chimene ndimafuna amayi ochepa thupi achimve. Mu 2016 Camille Powe ndi Marie-France Hivert anafalitsa zimene anapeza mwa amayi a ku Sherbrooke ku Canada. Mwa amene anali ndi shuga wa pa mimba, pafupifupi theka vuto lawo linali minofu yosamva insulini, koma pafupifupi atatu mwa khumi alionse minofu inkamva ndithu, chimene chinkaperewera ndi insulini weniweniyo. Mayi wotere HOMA-IR yake imaoneka yokongola, chifukwa insulini wochepa amatsitsa nambala. Akakhulupirira pepalalo, matenda amamudutsa m'mbali osaoneka. Kafukufuku yemweyo anaonanso kuti ana akuluakulu ndi zovuta zapobereka zinkachuluka kwa amayi a gulu loyamba lija, lomwe inu mungakhalemo mutadwala. N'chifukwa chake sindikufuna mulumphe kuyezetsa.

Tifike pa mafuta amene alamu anu akuwadalira. Thupi likamakana insulini, chiwindi chimakonda kutulutsa ma triglyceride ambiri, omwe ndi mtundu wa mafuta a m'magazi, ndipo HDL, mafuta aja amati abwino, amatsika. Pa chifukwa chimenechi akatswiri anayamba kugwiritsa ntchito mafutawa ngati njira yotchipa. Ena amagawa ma triglyceride ndi HDL. Ena amagwiritsa ntchito TyG, masamu ophatikiza ma triglyceride ndi shuga amene anayambitsidwa ndi madokotala a ku Mexico mu 2008, ndipo ayesedwa kwambiri pa amayi oyembekezera a ku China. Njirazi zimakopa chifukwa sizifuna makina a insulini. Koma kwa ife anthu akuda pali msampha. Anne Sumner wa ku National Institutes of Health ku America anasonyeza mu 2005 kuti mwa anthu akuda a kumeneko ma triglyceride sasonyeza bwino kusamva insulini. Julia Goedecke ndi anzake ku Cape Town anapezanso kuti amayi akuda a ku South Africa amakhala ndi ma triglyceride otsika poyerekeza ndi amayi achizungu, chikhalirecho matupi awo akukana insulini kwambiri. Ndiye 1.0 wanuyo ndi wabwino ndithu, koma ndi mboni imene siinaone mlandu. Onjezani kuti mimba payokha imakweza ma triglyceride kuwirikiza kawiri kapena katatu pofika kumapeto, ndiye nambala ya mwezi wachitatu simungaiyerekeze ndi ya mwezi wachisanu ndi chiwiri.

HbA1c imayeza shuga amene wakakamira pa maselo ofiira a magazi. Maselowa amakhala masiku pafupifupi 120, choncho nambalayi imafotokoza za miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Ntchito yake yaikulu kumayambiriro kwa mimba ndi kugwira shuga amene mayi anali naye kale osadziwa. Ikafika 6.5%, kapena shuga wa m'mawa akafika 7.0, amenewo ndi matenda a shuga enieni, ndipo timathamanga nawo chifukwa mtima ndi msana wa mwana zimaumbika m'masabata oyambirira. Apa ndiye muli ndi uthenga wabwino weniweni: 5.2% ndi 4.8 zikusonyeza kuti simunalowe m'mimbayi muli ndi shuga. Pumani pamenepo.

Koma HbA1c imayang'ana m'mbuyo, pomwe funso lanu likuyang'ana kutsogolo. Pa mimba thupi limapanga maselo ofiira atsopano ambiri, ndipo nambala imatsika payokha. Malungo amaswa maselo asanakalambe, nambala n'kutsikanso. Amene ali ndi chibadwa cha sickle cell, komanso ena amene akumwa ma ARV, HbA1c yawo imatha kuoneka yotsika kuposa shuga wawo weniweni. Kuperewera kwa ayironi kumachita zosemphana, kumatha kuikweza. Kuno kwathu zonsezi si zachilendo pa mzere wa kusikelo. Ine HbA1c yokwera ndimaikhulupirira kuposa yotsika.

Palinso zina zimene mungazimve. Adiponectin ndi homoni yochokera m'mafuta a m'thupi imene imathandiza insulini, ndipo ikakhala yotsika kumayambiriro kwa mimba chiopsezo chimakwera. SHBG, yopangidwa m'chiwindi, imatsika insulini akachuluka. Leptin (homoni inanso ya m'mafuta a m'thupi), CRP (chizindikiro cha kutupa m'thupi), GGT (yosonyeza za chiwindi) ndi ferritin (yosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi) zikakwera nazonso zalumikizidwa ndi shuga wa pa mimba. Zonsezi zikadali za ofufuza, ndipo sindikukulangizani kutayirapo ndalama. CRP imakwera ngakhale ndi chimfine chachikulu kapena malungo. Za ferritin ndichenjeze: wina asakuuzeni kuti musiye mapiritsi a ayironi owonjezera magazi a kusikelo poopa shuga. Kuchepa magazi pa mimba kumapha amayi, ndipo mapiritsiwo musiye pokhapokha dokotala amene waona magazi anu atanena.

Kunena zoona, zizindikiro zamphamvu kwambiri munazilemba nokha m'ziganizo ziwiri zoyambirira za kalata yanu, ndipo simunalipire tambala. Mwana wa makilogalamu 4.2, mayi wokuberekani wodwala shuga, zaka zopitirira makumi atatu. Achibale ayenera kuti anaululutira mwana uja kuti wabadwa wojintcha, koma dokotala akamva kulemera koteroko amadzifunsa ngati pa mimba ija panalibe shuga amene sanayezedwe. Zina muzione nokha. Tengani galasi muyang'ane kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa. Khungu likada n'kukhuthala, lofewa ngati nsalu ya veleveti, losachoka ngakhale mutakhula ndi mwala, kawirikawiri si litsiro, ndi insulini wochuluka. Ngati musanaime munkasamba modumphitsa miyezi, kumera tsitsi pachibwano, kapena munauzidwapo za PCOS, vuto la mahomoni losokoneza msambo, nazonso zimaloza komweko. Chimodzimodzi kunenepa kwa pamimba. Mutandibweretsera mbiri yanuyi popanda pepala la kulabu, malangizo anga akanakhala omwewa.

Mwina mukufunsa kuti chovuta n'chiyani shuga akakwera pang'ono, poti simukumva kupweteka paliponse. Jørgen Pedersen wa ku Copenhagen anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1950. Shuga wa mayi amadutsa nsengwa, koma insulini wa mayi sadutsa. Mwana akalandira shuga wambiri, kapamba wake amatulutsa insulini wambiri, ndipo kwa mwana insulini ndi feteleza. Amanenepa m'mapewa ndi pamimba, mutu n'kutuluka mapewa n'kukanirira. Akabadwa mchombo n'kudulidwa, shuga wa mayi amaleka kubwera pomwe insulini wake akadali pamwamba, ndiye shuga wa khandalo amagwa. Mayi naye chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi ndi opaleshoni chimakwera. Kafukufuku wamkulu wa HAPO, amene anatuluka mu 2008 atatsatira amayi oposa 23,000 m'mayiko 9, anasonyeza kuti zovutazi zimakwera pang'onopang'ono limodzi ndi shuga, ngakhale pa milingo imene kale tinkati ndi yabwino. Ndipo wa ACHOIS wa mu 2005, wochitikira makamaka ku Australia, anasonyeza kuti kuchiza kumathandiza: zovuta zazikulu za ana zinatsika kuchoka pa 4 kufika pa 1 mwa 100 alionse.

Madzi a shuga aja, amene dzina lake ndi OGTT, amaposa zoyeza zonsezi chifukwa amasenzetsa kapamba katundu pa nthawi imene nsengwa yakula, n'kuona ngati akwanitsa. Mumagona osadya maola osachepera 8, kumwa madzi okha. M'mawa amakutengani magazi, kenako mumamwa magalamu 75 a glucose osungunulidwa m'kapu yaikulu ya madzi, kumaliza pa mphindi zisanu. Amatenganso magazi pakatha ola limodzi ndi pakatha maola awiri. Malinga ndi malire a WHO a mu 2013, shuga wa pa mimba alipo ngati woyamba wafika 5.1, wa ola limodzi 10.0, kapena wa maola awiri 8.5. Nambala imodzi yokha ndi yokwanira. Labu yanu ikamalemba mu mg/dL, malirewo ndi 92, 180 ndi 153. Amene ali ku Britain asadabwe kumva 5.6 ndi 7.8, kumeneko amatsata malire a NICE, bungwe lawo lopereka malangizo a zaumoyo.

Pali tizinthu tingapo timene timaononga kuyezaku. Masiku atatu musanapite idyani monga mwa nthawi zonse. Amayi ena amasala nsima sabata yonse kuti akakhoze, koma thupi limene lasalidwa chakudya chokhutitsa likalandira shuga mwadzidzidzi nambala imatha kukwera monama. Mukamwa madziwo khalani pansi, osati kuthamangira kumsika kuti mubwerenso. Mukasanza nenani, abwereze tsiku lina. Ndipo yang'anani kumene botolo la magazi anu likupita. Maselo amapitiriza kudya shuga ali m'botolo, pafupifupi magawo 5 mpaka 7 pa 100 alionse pa ola. Botolo la 5.3 likakhala pathebulo m'chipinda chotentha cha mu Okutobala kudikira anzake, limakafika ku makina likuwerenga 4.9, mayi n'kuuzidwa kuti ali bwino. Si mwano kufunsa mwaulemu ngati magaziwo apita ku labu nthawi yomweyo. Kapepala koviika mumkodzo kusikelo sikalowa m'malo mwa zimenezi, chifukwa pa mimba impso zimatha kutaya shuga mwa mayi wopanda vuto, n'kusataya mwa amene ali nalo. Kumene OGTT kulibe, shuga wa m'mawa musanadye pa masabata omwewo ndi wabwino kuposa kusayeza, ngakhale amaphonya amayi amene shuga wawo amakwera akadya.

Poona mbiri yanu, kambiranani ndi dokotala wanu zochita OGTT msanga, masabata 20 asanakwane. Kafukufuku wa TOBOGM wa mu 2023, wotsogoleredwa ndi David Simmons ku Australia, anapeza kuti kuyamba chithandizo msanga kwa amayi achiopsezo opezeka ndi shuga nthawi imeneyi kunachepetsa zovuta za makanda, kuchoka pa 30.5% kufika pa 24.9%. Phindulo ndi lochepa koma lilipo. Anapezanso kuti mwa amene sanalandire chithandizo msanga, mmodzi mwa atatu alionse anadzapezeka alibe shuga atayezedwanso. Zoyeza zoyambirira zimasinthasintha choncho. Yoyambayo ikatuluka bwino, ya pa masabata 24 mpaka 28 ikhalepobe.

Pakali pano musagule metformin, mankhwala otsitsa shuga, chifukwa cha HOMA-IR. Ku Britain anayesa kupatsa mankhwalawa amayi onenepa opanda shuga, zotsatira zinatuluka mu 2015 ndi 2016, ndipo sanaletse shuga wa pa mimba kapena kuchepetsa kulemera kwa ana. Mankhwalawa ali ndi malo ake matenda akapezeka. Zitsamba zimene amati zimatsuka magazi zitalikireni. Chimene chili m'manja mwanu ndi mbale ndi miyendo. Minofu ikamagwira ntchito imalowetsa shuga ngakhale insulini asanaodire, ndiye kuyenda mphindi 15 kapena 20 mukangotha kudya kumathandiza kuposa mmene kumaonekera. Nsima musaisiye, mwana akufuna chakudya, koma chepetsani mitanda, ndipo ya mgaiwa ikhale patsogolo pa ya ufa woyera. Ndiwo zichuluke: nyemba, usipa, mazira, nkhwani wotendera, bonongwe. Amene amabisala ndi shuga wakumwa, monga tiyi wa masupuni atatu, thobwa lotsekemera, majuwisi ndi zoziziritsa kukhosi, chifukwa zimenezi zimalowa m'magazi nthawi imodzi. Mawu aja akuti woyembekezera adyere awiri muwamve mwanzeru, koma musayesenso kuchepetsa thupi muli ndi pakati.

Mukadzapezeka nawo shugayo, amayi ambiri amawongolera ndi zakudya ndi kuyenda, ena amaonjezera metformin kapena jakisoni wa insulini. Nsengwa ikatuluka shuga amatsika mwa ambiri, koma kapamba amakhala wadziulula. Kuunika kwa kafukufuku wambiri kumene kunatuluka mu The Lancet mu 2009 kunapeza kuti amayi otere chiopsezo chawo chodzadwala shuga wa mtundu wachiwiri n'chokwera kuwirikiza kasanu ndi kawiri. Choncho mudzayezetsenso pakatha masabata 6 mpaka 12 mutachira, kenako chaka ndi chaka kapena monga dokotala adzanenere. Ndi mayi anu odwala shuga komanso HOMA-IR ya 3.0, ndingakulangizeni kumayezetsa mwa apo ndi apo ngakhale mimba ino itadutsa bwino.

Masabata 24 akwana pakatha masabata 13 kuchokera pano. Lembani tsikulo pachikuto cha buku lanu la kusikelo, ndipo muwapemphe alamu anuwo adzakuperekezeni, atanyamula kachakudya kodzadya mukamaliza, chifukwa maola awiri a pabenchi uli ndi njala amatalika.